Mkaka wa Majstor Radisav

Mlamu wanga Radisav sindinamukondepo, ndipo sindiyamba lero chifukwa choti wadwala. Ndinakwatiwa ndi mng'ono wake Stanimir ndili mtsikana, ndipo pa ukwati pomwepo Radisav anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuuza amayi ake mokweza kuti mnyamatayo wabweretsa m'nyumba ndodo ya tsache. Anthu anaseka. Ine ndinasunga mumtima. Dzina langa ndine Dobrila, koma pakamwa pake silinatulukepo. Kwa iye ndinali snajka basi, mkazi wa mng'ono wake.

Tonse atatu tinkagwira ntchito pa fakitale imodzi ya m'tauni mwathu, m'mbali mwa mtsinje wa Morava, yopanga zitseko za magalimoto onyamula katundu. Stanimir ankayendetsa kagalimoto kotutira zitsulo. Ine ntchito yanga inali kung'amba. Ndinkatenga chitseko chimodzi pa mulu wa zimene zatha kuwotchereredwa, n'kulowetsa tchizulo pakati pa malata ake awiri, n'kumenya ndi hamala. Lata likang'ambika m'mbali, powotchererapo n'kutsala pali gwa, ndiye kuti ntchito ili bwino. Pakangomatuka ngati nkhanambo, ndiye kuti wina anagona pa ntchito. Radisav anali wowotcherera, ndipo aliyense, ngakhale abwana, ankamutchula kuti Majstor, kutanthauza katswiri wa ntchito, ndipo pomuitana ankati Majstore.

Ndinene chilungamo, dzanja anali nalo. Zaka zonsezo ndinkasaka malo ake amodzi okha oti amatuke, ndipo zitseko zake ndinkazimenya ndi mphamvu yoposa ya ena onse, koma sanandipatsepo mpata. Ankadziwa kuti ndikumusaka. Akamadutsa pa tebulo langa ankachedwa dala.

"Menya, snajka, menya," ankatero. "Ukatopa undiuze ndikubwereke mkono."

Malata athu anali achitsulo okutidwa ndi zinki kuti asachite dzimbiri. Zinki ikakumana ndi moto wowotcherera imatulutsa utsi woyera wotsekemera kukhosi, ndipo amene waumeza wambiri amanjenjemera madzulo ake mano n'kumagundana. N'chifukwa chake kuyambira kale, dziko lathu likadali Yugoslavia, owotcherera ankalandira mkaka tsiku lililonse, ati utsuke m'chifuwa. Wolandira mkaka ankadziwika kuti ntchito yake ndi yodya thupi, ndipo zaka zake zinkawerengedwa mowonjezera kuti akapume msanga kuposa enafe. Mkakawo pawokha sunali kanthu, ukanatha kuugula pa sitolo ya pakona. Koma pa fakitale yathu unkagawa anthu pawiri, a mkaka ndi opanda mkaka, ndipo Radisav anadziika yekha kukhala mfumu ya a mkaka.

Anzake ankamwera wawo pa benchi ngati anthu. Iye ayi. Ankaima pakhomo lalikulu la holo yogwirira ntchito, pomwe aliyense wopita kukadya amadutsa, n'kupendeketsa mutu, n'kumwa osapumira, kenako n'kupukuta ndevu ndi kuseri kwa dzanja. Wopanda mkaka akamupatsa moni ankayankha ndi mphuno. Khalidweli ankapita nalo mpaka kunyumba. Pa slava, phwando la pachaka la banja lathu, tsiku la Nikola Woyera, mpando wa Stanimir unkakhala kumapeto kwa tebulo, pafupi ndi chitseko pomwe mphepo imalowera, chifukwa kumtunda kunali kwa anthu ogwira moto. Mwamuna wanga ankangoseka, n'kukhala. Chomwe chinkandipweteka ine n'chakuti ankakhaladi.

Atate awo anasiya munda wa zipatso za mapulamu kumudzi, pamwamba pa phiri. Radisav anautenga wonse, ati wamkulu ndi iye, ndipo Stanimir sanatsegule pakamwa. Mkazi wa Radisav anali atamuthawa kalekale, ndipo ine sindinamudzudzulepo mayi uja. Ndiye moyo wake wonse unatsala pa mundawo. Nkhani yake inali imodzi, m'basi, pa maliro, pa ubatizo: akangopuma ntchito asamukira kuphiri, azidzadulira yekha mitengo yake, azidzatcheza rakija, kachasu wathu wa mapulamu, yoti tauni yonse izidzamupempha. Mkaka ndiwo unali njira yake yopitira kumeneko. Zaka zowonjezera zija zikanapitirira kuwerengedwa, chinamutsalira chinali chisanu chimodzi, mwina ziwiri. Popanda izo, akanakhalabe m'holo muja mpaka tsitsi lonse kuthothoka.

Kenako fakitale inagulidwa ndi anthu akunja, ndipo iwo anafuna zitseko zopepuka. Mkati mwa chitseko mukhalebe chitsulo, koma kunja kukhale aluminiyamu. Wowotcherera aliyense amadziwa kuti ziwirizi moto suzigwirizanitsa: aluminiyamu amasungunuka n'kuyenderera chitsulo chisanayambe n'kufiira komwe. Ndiye anabweretsa makina atsopano, n'kuwaimika pakati pa holo. Anali ndi chala chachitsulo cholimba, chonenepa ngati chala chamanthu, chozungulira mwaliwiro. Lata la aluminiyamu limagona pamwamba, lachitsulo pansi. Chalacho chimatsika n'kupekesa pa aluminiyamuyo mpaka atafewa, koma osasungunuka. Kutentha kwake kumasungunula zinki ya pansipo, zinkiyo imathawira m'mbali n'kusiya chitsulo choyera, ndipo aluminiyamu wofewa uja amamatirira pomwepo. Chalacho chikakwera pamatsala kadzenje kozungulira ngati mchombo. Moto wothetheka panalibe, utsi panalibe, phokoso lake munthu ankatha kucheza ali pafupi.

Wotiphunzitsa anali injiniya wathu Tijana, mtsikana wa m'tauni momwemo amene anakaphunzira ku Belgrade. Tsiku logawa malo anaitana Radisav patsogolo pa onse.

"Majstore, makinawa muziyendetsa ndinu."

"Ndalakwa chiyani?"

"Simunalakwe. Kutsokomola kwanu ndimakumva ndili muofesi. Apa palibe utsi."

"Chifuwa ndi changa, mwana iwe. Ndiye ukuti ndiziika lata, ndizidina batani, chinthuchi chizikanda?"

"Chizilumikiza."

"Uku si kuwotcherera. Uku n'kukanda."

Tijana anangoti, "Chinthu chimodzi chokha, Majstore. Zinkiyo musaipale. Ndikudziwa kuti munazolowera kupala musanawotcherere, koma pa makina awa zinki ndi imene imatithandiza."

Radisav anatembenukira kwa anzake. "Mwamva? Zinki imathandiza. Ku Belgrade ndi zimene akuphunzitsa masiku ano. Mawa atiuza kuti dzimbiri ndi mafuta."

Anzakewo anaseka, koma kuseka kwa anthu amene apulumuka. Mnzake wakale Milun ndi ena awiri anasiyidwa kukona kwa holo, m'kachipinda ka malata, kuti azikonza ndi moto zinthu zothyoka. Utsi wawo unali ulipobe. Amene anachotsedwa pa moto anali mfumu yekha, ndipo ine ndinasangalala, sindibisa.

Tsono wowotcherera wa kwathu, tsiku lake loyamba pa ntchito, asanamugwiritse n'komwe moto, amamupatsa girayinda n'kumuuza kuti apale zinki pamalo poti alumikize. Akaiwala amalandira khofi. Radisav anakula ndi khofi limenelo, ndipo iyenso analigawa kwa ambiri. Kumuuza kuti asiye zinki kunali kumuuza kuti moyo wake wonse ankachita zopanda pake. Anayamba kutsalira pang'ono anzake akaweruka. Ndinkamva girayinda ikulira kuseri kwa milu ya malata, ndipo ndinkadziwa chimene ikuchita. Ankapala malo onse olumikizapo, n'kusanja malatawo bwinobwino kuti mawa angoika m'makina. Ndikuganizanso kuti ankafuna kungoona moto ukuthetheka, kuti adzimve kuti akadali munthu.

Lolemba lina m'mawa ndinatenga chitseko pa mulu wake. Nditangolowetsa tchizulo, hamala ndisanaikweze n'komwe, ndinamva kuti pha. Malo achiwiri chimodzimodzi. Achitatu anamatuka okha ndisanawafike. Pamwamba timichombo tonse tinkaoneka tokongola, tofanana, koma pansi palibe chinagwira. Ndinakhala kaye pansi. Tsiku limeneli ndinali nditalidikira kwa zaka zambiri, ndipo sindinafune kulidya mothamanga.

Ndinadikira nthawi yopuma, iye ataima pakhomo paja mutu uli chagada. Ndinanyamula lata la aluminiyamu kudzanja ili, lachitsulo kudzanja linali, n'kuyenda pakati pa holo osafulumira.

"Majstore, ndabwera ndi uthenga wabwino. Chitseko chanu chabereka mapasa."

Anatsitsa mkakawo. Anthu opita kukadya anaima.

"Wang'amba molakwika."

"Sindinang'ambe. Chavula chokha."

"Ndi makina a mwana ujawa. Ndinanena ine."

Tijana anafika, n'kundilanda lata lachitsulolo, n'kulitembenuzira kowala. Pamalo ponse polumikizapo panali mikwingwirima ya girayinda, ndipo popeza malatawo anagona opanda chovala chawo cha zinki kuyambira Lachisanu, panali patayamba kale kufiirira.

"Mwapala," anatero.

"Ndapala. Ndi mmene anthu amawotcherera."

"Aluminiyamu agwire pa dzimbiri? Ndinakupemphani chinthu chimodzi, Majstore. Mulu wonsewu ndi wotaya."

Sanakweze mawu. Anapita kuseri kwa malata kuja, n'kuzula girayinda, n'kukulunga chingwe chake, n'kuipanira kukhwapa, n'kudutsa nayo pamaso pa holo yonse kupita nayo muofesi. Wina kumbuyo anaimba mluzu. Radisav anandiyandikira mpaka ndinamva fungo la mkaka.

"Iwe unadya buledi wa m'nyumba ya bambo anga."

"Ndinkaphika ndekha, Majstore. Inu munkangodya."

Patapita milungu ingapo eni fakitale analengeza kuti kubwera anthu odzayeza mpweya wa m'holo. Pomwe apeze utsi, mkaka ndi zaka zowonjezera zipitirira. Pomwe asaupeze, zonse zitha. Aliyense anadziwa tanthauzo lake: kukona kwa Milun kutsala mmene kulili, pa makina a Radisav kuuma. Phiri lake linayamba kutalikira iye akuona.

Anapita kwa Milun, ine ndikumva, chifukwa tebulo langa linali pafupi ndi kachipinda kaja.

"Tisinthane, m'bale. Iwe ndiwe wamng'ono kwa ine, uli ndi nthawi."

"Wamng'ono ndi miyezi ingati? Ndili ndi chifuwa changanso ine."

"Ndinakuphunzitsa ntchito ndine."

"Unandiphunzitsa ndi makofi. Pita ukakande, Majstore."

Radisav sanazolowere kupempha, ndiye kukanidwa sanakudziwe n'komwe. Anatukwana Milun ndi amake omwe, mawu ake aja ogwedeza malata, kenako anabwerera ku makina ake. Masiku otsatira anali chete, ndipo ine chete wa munthu uja sindinamukhulupirire.

Tsiku loyeza litafika, tinapeza zitseko zikuluzikulu za holo zili zotseka, chinthu chosachitika m'nyengo yotentha. Titalowa, m'mwamba monse munali mutayera, nyali zikuoneka mwa apo ndi apo, ndipo tinthu toyera tinkagwa pang'onopang'ono ngati phulusa la mapepala. Kukhosi kunatsekemera nthawi yomweyo. Radisav anali atafika aliyense asanafike. Anazimitsa fani yokoka utsi, anaunjika zidutswa za malata a zinki m'kachipinda ka Milun, n'kuziwotcha ndi moto mpaka utsi utadzaza holo yonse kufika pa makina ake. Iye mwini anaima pamakinapo manja kumbuyo, maso ali psu, ndevu zitayera, akudziletsa kutsokomola.

Oyezawo anali awiri, bambo ndi mayi, atanyamula timabokosi tawo. Sanali ana. Mayiyo anagwira chala cha makina chija n'kupeza chili chozizira. Anayang'ana kumene utsi ukuchokera, n'kuutsatira mpaka kukona, n'kupeza mulu wa zidutswa ukadali wotentha.

"Wachita izi ndani?" anafunsa Tijana.

Kwathu munthu satchula mnzake pamaso pa alendo, ndipo inenso sindinatchule dzina la munthu. Ndinangoyang'ana mlamu wanga, ndipo ndinamuyang'anabe mpaka holo yonse inatembenukira komweko.

Chigamulo cha eni ake sichinachedwe. Anati ngati kachipinda kamodzi kangathe kudzaza holo yonse ndi utsi wotere, kachipindako kachoke. Zokonzakonza azikachita anthu ena kunja. Anaphwasula malata ake, anatulutsa mabotolo a gasi, ndipo Milun ndi anzake awiri aja anawaika pa makina opekesa. Mkaka unatha kwa onse. Milun, amene anali atauza kale mwana wake wamkazi kuti chaka chamawa azidzamulerera adzukulu, anawonjezeredwa zaka zimene sanazilakwire.

Radisav sanachotsedwe ntchito, chifukwa chigamulochi chinamupeza ali m'chipatala. Kunjenjemera kwa zinki ankakudziwa bwino, kunkamugwira kawirikawiri, ndipo mankhwala ake anali mkaka wotentha, kapu ya rakija ndi mabulangete awiri, m'mawa n'kudzuka ali bwino. Ulendo uno sanadzuke ali bwino. Stanimir anamupeza tsiku lachitatu atakhala pansi m'khitchini, atatsamira kabati, milomo itada. Ine kuchipatala ndinapita chifukwa Stanimir anandichonderera, osati chifukwa cha chisoni.

Dokotala anabwera ife tili pompo, atanyamula chithunzi cha m'chifuwa.

"Mwagwira nthawi yaitali bwanji mu utsi, bambo?"

"Kuyambira ndili mnyamata," anatero Radisav, akudula mawu kuti apume. "Koma ndimamwa mkaka, adokotala. Sindinaphonyepo tsiku."

Dokotalayo sanachotse maso pa chithunzicho. "Mkaka umapita m'mimba. Utsi umapita uku." Anagogoda ndi cholembera pamalo poyera mbuu. "Akanakupatsani fani yamphamvu, bwenzi tikukamba zina. Izi sizinayambe sabata ino. Sabata ino mwangomalizitsa."

Radisav anatembenukira kukhoma. Ndinkayembekezera kuti ndisangalala, koma chimene chinandigwira ndi mkwiyo. Munthu ameneyu anatinyoza zaka zonsezo, anakhazika mwamuna wanga pamphepo, chifukwa cha kapaketi ka mkaka kamene ankamupatsa kuti asafunse za fani. Ndinakwiyira amene ankamupatsawo, ndinakwiyiranso iye chifukwa chopusa motero, ndipo ndinatuluka kukadikira panja.

Madokotala anagamula kuti sangagwirenso ntchito. Choncho Radisav anapuma, ndipo anapuma msanga kuposa mmene iye mwini ankawerengera. Pobwera kunyumba anauza Stanimir kuti zonse zayenda monga anakonzera.

Kwathu munthu akamapuma ntchito amabweretsa nkhumba yootcha ndi rakija, anzake n'kudya naye, n'kumunena zabwino ngakhale zabodza. Radisav sanafune kuti wina adzanene kuti anachoka ngati wakuba. Anaitanitsa nkhumba yaikulu, Stanimir n'kuinyamula kuiika pa tebulo lachitsulo pakati pa holo, pamodzi ndi buledi, tsabola wowawasa ndi mabotolo a rakija yake ya kuphiri. Iye anavala jekete la ku tchalitchi limene tsopano linkamukhuthukira m'mapewa. Belu la nthawi yopuma linalira. Anthu anazimitsa makina, n'kusamba m'manja, n'kudutsa pafupi ndi tebulolo kupita kukadya kwina. Ena ankayang'ana pansi, ena ankamuyang'ana m'maso. Tijana yekha anaima, n'kumugwira chanza, n'kumufunira moyo wabwino, koma anati ali ndi msonkhano.

Mafuta a nkhumba anayamba kugwirana. Radisav anandikodola.

"Snajka, aitane anthuwo."

"Aitaneni nokha, Majstore. Mawu aakulu muli nawo ndinu."

Pamapeto pake kunabwera Milun. Sanakhale pansi ndipo kapu imene Stanimir anamupatsa sanailandire. Anayang'ana nkhumba, n'kuyang'ana mwini wake.

"Wapuma, eti?"

"Ndapuma. Khala, udye."

"Ine ndikadali muno chifukwa cha iwe, ndipo ndikhalamo mpaka adzukulu anga ayambe sukulu. Nkhumba yako ndidzadya pa maliro ako. Pamenepo ndidzabwera msanga."

Ndinaona khosi la Radisav likufufuma monga linkachitira akafuna kutukwana. Anagwira m'mphepete mwa tebulo, n'kukoka mpweya, n'kutsegula pakamwa. Chinatuluka ndi kamluzu kokha, kenako chifuwa, chimene chinamupinda mpaka chipumi chinatsala pang'ono kugunda mbale. Milun anadikira kuti mwina mawu abwera. Ataona kuti sabwera, anabwerera ku makina ake. Nkhumbayo tinainyamula ine ndi Stanimir kubwerera nayo ku galimoto, yosadulidwa ngakhale khutu.

Mapulamu atapsa chaka chimenecho, Radisav anaimbira foni mng'ono wake kuti amuperekeze kumudzi. Stanimir anandifunsa ngati ndingapite nawo kukathandiza kuthyola.

"Munda ndi wa wamkulu," ndinatero. "Pita wekha ngati ukufuna."

Anapitadi, chifukwa Stanimir ndi Stanimir. Anabwerako dzuwa likadali pamutu, madengu ali opanda kanthu, ndipo tili m'khitchini anandiuza mmene zinayendera. Msewu umathera patsinde pa phirilo, kotsalako munthu amakwera wapansi. Atafika pamenepo Stanimir anazimitsa galimoto, n'kutsitsa madengu. Fungo la mapulamu ogwa linkamveka kuchokera pansi pomwepo. Radisav anatsegula chitseko, n'kutsitsa mwendo umodzi, n'kukhala choncho akuyang'ana kanjira kokwera kaja, akupuma ndi pakamwa. Stanimir anati amugwira mkono, azipumira m'njira, palibe chowathamangitsa. Radisav anabweza mwendo uja mkati, n'kukoka chitseko.

"Kweza madenguwo," anatero. "Tiye tizipita."